tmux kapena GNU Screen?

Mapulogalamu awiriwa amagwira ntchito imodzi: SSH (njira yolowera pa kompyuta yakutali yotchedwa seva) ikaduka, zomwe mumachita pa seva zimapitirirabe, ndipo mukalowanso mumazipeza momwe munazisiyira. Screen ndi yakale, inatuluka mu 1987. tmux anailemba ndi Nicholas Marriott mu 2007, ndipo OpenBSD, yomwe ndi operating system, inaitenga mu 2009.

Kwa munthu wofuna kumanga yekha pulogalamuyo kuchokera ku source code (malemba amene pulogalamu imapangidwa nawo), ine ndingasankhe tmux. Imafuna ma library awiri (zidutswa za pulogalamu zomwe imadalira), libevent ndi ncurses, ndipo configure, yomwe imayang'ana ngati zofunika zonse zilipo musanamange, ikakana, kawirikawiri ndiye kuti package ya libevent-dev kapena ya pkg-config simunaike. Vuto likakhala mkati mwa tmux, yomwe ili ndi mbali ziwiri zotchedwa server ndi client, `tmux -vv` imalemba log (mbiri ya zomwe zachitika) ya server payokha ndi ya client payokha, choncho mumaona msanga mbali yomwe yalakwa. Mitundu ikasokonekera, yambani mwayang'ana TERM, yomwe imauza mapulogalamu mtundu wa terminal yanu: mkati mwa tmux izikhala tmux-256color kapena screen-256color, osati xterm.

Komabe Screen sindingaitaye. Imalumikizana mwachindunji ndi serial port (polumikizira chingwe cha zipangizo monga ma router), mwachitsanzo `screen /dev/ttyUSB0 115200`, zomwe tmux singathe, ndipo okonza ma router amazifuna kwambiri. Chondivuta ndi Ctrl-a, mabatani oyambira polamula Screen, poti mu bash (pulogalamu yolemberamo malamulo) mabatani omwewo ndi obwererera kumayambiriro kwa mzere.