Nyambo ya Yamamoto Senko: Imagwiradi Bass, Koma Imatha Msanga

Pa nyambo zonse zopanga zimene zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zowedzera nsomba ku South Africa, palibe imene imaoneka yachabechabe ngati Yamamoto Senko. Ndi kachidutswa ka pulasitiki wofewa kotalika mainchesi 5, kapena kuti masentimita pafupifupi 13, kopanda maso, kopanda zipsepse ndiponso kopanda mchira wopindika, moti munthu amene sanawedzepo nsomba yotchedwa bass angaganize kuti wogulitsa akufuna kungomudyera ndalama. Komabe iyi ndi nyambo imene asodzi ambiri amathawirako tsiku limene nsomba zakana china chilichonse. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa damu la Albert Falls, kufupi ndi Pietermaritzburg, komanso pa damu la Inanda, onse awiri ali pa mtsinje wa uMngeni m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo ndaona kuti ubwino wake ndi vuto lake zimachokera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi mchere.

Amene sadziwa nsombayi ayenera kudziwa kaye khalidwe lake, chifukwa nyambo imapangidwa motsatira mmene nsomba imadyera. Bass ya kamwa lalikulu kwawo ndi ku North America, ndipo inabweretsedwa ku South Africa mu 1928. Ndi nsomba yobisalira. Imakhala phee pansi pa chitsa chomira, m'mphepete mwa bango kapena m'udzu wa m'madzi, kudikira kansomba, nkhanu kapena chule, ndipo ikaona chakudya imayasamula mwadzidzidzi n'kumeza madzi pamodzi ndi chakudyacho. M'madamu a ku KwaZulu-Natal imadya kwambiri ana a nsomba imene anthu a ku Chigwa cha Shire amaitchula kuti makakana. Ambiri mwa amene amaiwedza sakhala akufuna ndiwo, amangoiyeza kulemera, kuijambula chithunzi n'kuibwezera m'madzi, chinthu chimene munthu wokulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi amatenga nthawi kuti achizolowere. Zotsatira zake n'zakuti nsomba za m'madamu otchuka zinaonapo nyambo zamitundumitundu, zina zinakodwapo kangapo, ndipo n'zochenjera kwambiri.

Amene anapanga nyamboyi ndi Gary Yamamoto, amene anabadwira ku Hawaii ndipo anali ndi malo ogonapo alendo m'tauni ya Page ku Arizona, pafupi ndi Lake Powell. Senko inatuluka m'zaka za m'ma 1990, ndipo asodzi amasimba kuti maonekedwe ake anawatengera ku bolopeni ya Bic. Mukaziyika pamodzi ziwirizi, mumaonadi kuti n'zofanana kutalika ndi kunenepa, ndipo mbali imodzi n'njosongokerapo pang'ono.

Mukaitulutsa m'paketi n'kuikoka pang'ono ndi zala, pulasitikiyo amayera ndipo timibulu ta mchere timaonekera, mwinanso kutsalira pa zala. Mchere umenewu ndi wochuluka kwambiri moti kanyambo ka mainchesi 5 kamalemera magalamu pafupifupi 10, kutanthauza kuti mukhoza kukaponya patali ndithu popanda kumangirira mtovu pa chingwe. Koma chachikulu si kuponya ayi, ndi mmene kamamirira. Mukakagwetsera m'madzi oyera pambali pa bwato n'kukayang'anitsitsa, mudzaona kuti sikamira mutu uli pansi ngati mwala, koma kamatsika chopingasa, pang'onopang'ono, kwinaku nsonga zake ziwiri zikunjenjemera zokha popanda msodzi kugwedeza ndodo. Kunjenjemera kumeneko n'kochepa kwambiri, koti munthu wosaonetsetsa sangakuzindikire, koma kwa bass imene yabisala pansi pa chitsa kumaoneka ngati kanthu kamoyo kamene kafooka ndipo sikangathawe. Makampani ena anapanga nyambo zofanana nayo, monga YUM Dinger ndi Stik-O ya Bass Pro Shops, ndipo zimagwira nsomba ndithu pamtengo wotsikirapo, koma m'kuona kwanga, madzi akakhala bata ndipo nsomba zikukayikira, katsikidwe ka Senko kamaposa zinzakezo.

Pali njira ziwiri zoikolera pa mbedza zimene ndingalimbikitse. Yoyamba imatchedwa Texas rig. Mumatenga mbedza yotakasuka pakati, ya saizi 3/0 kapena 4/0, n'kuilowetsa kumutu kwa nyambo, kuitulutsa, kuitembenuza, kenako n'kubisa nsonga yake pang'ono m'thupi la nyamboyo. Ikakoledwa chonchi imadutsa m'udzu ndi m'nthambi za mitengo yomira popanda kukodwa, ndipo pamalo amene bass zimakonda kubisala zimenezi n'zofunika kwambiri. Chofunika kusamala n'chakuti nyamboyo ikhale yowongoka bwino pa mbedza, chifukwa ikapindika ngakhale pang'ono imazungulira pomira, imapota chingwe, ndipo kunjenjemera kuja kumatha. Njira yachiwiri imatchedwa wacky rig, pamene mbedza yaing'ono imabayidwa pakati penipeni, nsonga ziwiri n'kumalendewera uku ndi uku. Imaoneka yoseketsa, koma pamalo opanda zokola zambiri, monga m'mbali mwa miyala kapena kunja kwa mzere wa udzu, ndi imene imachititsa nyamboyi kugwedezeka kwambiri.

Chovuta kwambiri pa nyamboyi si zipangizo, koma kudziletsa kwa msodzi. Munthu amene anazolowera spinnerbait kapena crankbait, nyambo zimene zimakopa nsomba pamene zikukokedwa m'madzi, dzanja lake limafuna kumangokulunga chingwe, pamene Senko imafuna kuti mukaiponya muisiye. Mumaponya pafupi ndi chitsa, mumasiya chingwe chili chokhwepa pang'ono kuti nyambo itsike molunjika m'malo mokokekera kwa inu, ndipo maso anu amakhala pamene chingwe chalowera m'madzi. Kawirikawiri nsomba imatenga nyamboyo isanafike pansi, ndipo simumva kugunda kulikonse m'manja. Chimene mumaona n'chakuti chingwe chadumpha pang'ono, kapena chaima msanga pamalo amene mukudziwa kuti ndi akuya, kapena chayamba kuyenda chokha cham'mbali ngati pali wina akuchikoka mwakachetechete. Pamenepo mumakulunga chingwe chokhwepacho mpaka mutamva kulemera, kenako n'kukoka ndodo mwamphamvu. Ikafika pansi popanda chochitika, mumaisiya kwa kanthawi, kuinyamula kamodzi kapena kawiri kuti imirenso, ndipo ngati palibebe kanthu mumakulunga n'kuponya pena. Kuikoka pang'onopang'ono mpaka kubwato n'kutaya nthawi, chifukwa ntchito yake yonse imachitika pamene ikumira.

Pa nkhani ya chingwe, choyera chotchedwa fluorocarbon, chopirira kulemera kwa mapaundi 8 mpaka 12, chimagwirizana nayo chifukwa chimamira ndipo sichioneka kwambiri m'madzi. Amene maso awo amavutika kuona chingwe choyera angachite bwino kugwiritsa ntchito chingwe cholukidwa cha mtundu wowala, n'kulumikiza kachidutswa ka fluorocarbon kumapeto.

Nyengo imene nyamboyi imaonetsa mphamvu zake zonse ku KwaZulu-Natal ndi pamene nyengo yozizira ya kuno yatha, cha mu September ndi October, madzi akayamba kufunda ndipo bass zikubwera m'madzi osaya kudzaswana. Yamphongo imakonza chisa pansi ndi kuchilondera, ndipo zazikazi, zomwe ndi zimene zimakula kwambiri, zimakhala chapafupi m'madzi akuyako pang'ono. Nthawi imeneyi nsomba zimakhala pakuya kosapitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo apa m'pamene nyambo yomira pang'onopang'ono imafika msanga pamaso pa nsomba. Ndinene pano kuti nsomba yogwidwa pachisa iyenera kubwezedwa mwamsanga pamalo omwewo, chifukwa ikachoka kwa nthawi yaitali mazira amadyedwa ndi tinsomba tina.

Tsopano vuto lake, limene aliyense woigwiritsa ntchito amalidziwa ndipo amalinena poyera. Pulasitiki wofewa wodzaza ndi mchere salimba. Bass ikakodwa imadumpha pamwamba pa madzi n'kupukusa mutu, ndipo nthawi zambiri nyamboyo imang'ambika kumutu kapena kuthothoka n'kugwera kutali, moti si zachilendo kuti nsomba imodzi ithe nyambo imodzi. Paketi ya saizi ya mainchesi 5 imakhala ndi nyambo 10, ndipo popeza imachokera ku America, mtengo wake m'masitolo a kuno ndi wokwera poyerekeza ndi zofanana nayo. Tsiku limene tinsomba ting'onoting'ono tachuluka, paketi ikhoza kutha dzuwa lisanafike pamutu. Sindikuona kuti kampaniyo ingathetse vutoli popanda kuwononga nyamboyo, chifukwa kulimbitsa pulasitiki kapena kuchepetsa mchere n'kuchotsa kunjenjemera kumene anthu akulipirira. Wogula ayenera kungodziwa kuti akugula chinthu chakutha, monga mmene amagulira mafuta a injini ya bwato.

Pali njira zochepetsera kuwonongekaku. Pa wacky rig, asodzi amaveka kamphira kozungulira, kotchedwa O-ring, pakati pa nyambo, ndipo mbedza imakola kamphirako m'malo mobaya pulasitiki. Nsomba ikakodwa, nyamboyo imatsetserekera m'mwamba pa chingwe ndipo kawirikawiri imapulumuka. Timphira timeneti n'totsika mtengo, ndipo ndinganene kuti kugula Senko popanda ito n'kuwononga ndalama. Pa Texas rig, mutu ukang'ambika mukhoza kudula kachidutswa kowonongekako n'kukolanso, kapena kuitembenuza n'kukola kumchira. Zidutswa zotsala za theka siziyenera kutayidwa, chifukwa zikaikidwa pa kambedza kokhala ndi mutu wa mtovu wopepuka zimakhala nyambo ya njira yotchedwa Ned rig, imene inatchuka chifukwa cha msodzi wa ku Kansas, Ned Kehde. Chinanso n'chakuti musasiye mbedza ili m'nyamboyi mukaweruka, chifukwa mchere umaichititsa dzimbiri m'masiku ochepa.

Mchere womwewo uli ndi vuto lina limene limandidetsa nkhawa kuposa la ndalama. Bass ikatenga nyambo yolimba imailavula msanga ikazindikira kuti si chakudya, koma Senko imaisunga m'kamwa kwa nthawi yaitali, ndipo msodzi akachedwa kuona chingwe chikuyenda, nsombayo imakhala itameza mpaka kummero. Kuchotsa mbedza pamenepo kumavulaza nsomba imene munafuna kuibweza yamoyo. Choncho ndi bwino kukhala ndi pulayala yaitali m'bwato, kuphwanya kandevu ka mbedza ngati mukuwedza ndi ana kapena ndi munthu wophunzira kumene, ndiponso kusachotsa maso pa chingwe. Zidutswa zong'ambika nazonso siziyenera kuponyedwa m'madzi, chifukwa nsomba zimazitola pansi n'kuzimeza pamene sizigayika m'mimba.

Mitundu ilipo yambirimbiri, yokwanira kusokoneza munthu woima pa shelefu, koma itatu ndi yokwanira. Wobiriwira moderako wotchedwa green pumpkin umagwira ntchito pafupifupi paliponse, watermelon ndi wabwino madzi akayera ndipo dzuwa likuwala, pamene wakuda wokhala ndi timadontho ta buluu ndi wa madzi a matope mvula ikagwa. Yotsalayo imakopa msodzi kuposa nsomba.

Amene akulota nsomba yaikulu ayenera kumva zoona. Bass zolemera kwambiri zimene bungwe la IGFA, losunga mbiri ya nsomba zikuluzikulu zogwidwa ndi mbedza, limavomereza ndi ziwiri: ya George Perry, yogwidwa mu 1932 pa Montgomery Lake ku Georgia, yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4 (makilogalamu pafupifupi 10.09), ndi ya Manabu Kurita, yogwidwa mu 2009 pa Lake Biwa ku Japan, yolemera makilogalamu 10.12. Ya Kurita inaposa ya Perry pang'ono kwambiri moti malamulo a bungwelo anaziika pamodzi ngati zofanana. Perry anagwiritsa ntchito nyambo yopanga ya kampani ya Creek Chub, pamene Kurita anakola kansomba kamoyo. Senko imagwira nsomba zazikulu, makamaka nthawi yoswana, koma kwenikweni ndi nyambo yogwira nsomba zambiri zamisinkhu yonse, ndipo kansomba kochepa ngati chikhatho sikaopa kuimeza. Amene akufuna kupewa tating'onoto angasankhe saizi ya mainchesi 6 kapena 7, podziwa kuti adzadikira nthawi yaitali pakati pa nsomba ina ndi ina.

Palinso masiku amene ndi bwino kuisiya m'bokosi. Mphepo ikamawomba mwamphamvu pa Albert Falls, chingwe chimapindika pamwamba pa madzi n'kumakoka nyambo cham'mbali, ndipo simungathe kusiyanitsa kudumpha kwa nsomba ndi kwa mafunde. M'nyengo yozizira, bass zikatsikira pakuya mamita 6 kapena kuposa, kudikira kuti nyambo yopanda mtovu ifike pansi kumadya tsiku lonse. Ndipo pa damu limene simukulidziwa, pamene ntchito yoyamba ndi kufufuza kumene nsomba zili, spinnerbait kapena crankbait imayenda mtunda waukulu pa nthawi imene Senko yaponyedwa malo atatu okha. Zikapezeka nsombazo, kapena nsomba ina ikatsatira nyambo yothamanga n'kubwerera pafupi ndi bwato osaluma, m'pamene mumatenga ndodo yachiwiri imene mwakolapo kale Senko n'kuponya pamalo omwewo nsombayo isanapite patali.