Ulendo wa ku Akko, malo ndi abwino koma nkhani anatidulira

Amene muli ku Israel, kaya mwapita ndi mpingo kaya muli kumafamu, ka ulendo ka tsiku limodzi ka ku Akko (ena amati Acre), mzinda wakale wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Israel, musakaphonye. Ife tinalipira kampani ina yoperekeza alendo, basi inali yabwino, nthawi anasunga, pamenepo ndilibe nawo chifukwa.

Chomwe chinandigwira mtima ndi nyumba za ma Hospitaller, zinakwiririka kalekale anthu nkumanga pamwamba pake, ndiye mumatsika kenako mwangozindikira muli mu holo yaikulu ya miyala, mizati yake munthu mmodzi sangaikumbatire, kozizira bwino pomwe panja dzuwa likuswa mtengo. Ma Hospitaller amenewa anayamba ndi kusamalira odwala ku Jerusalem kenako anasanduka asilikali, St John Ambulance timaidziwa ija mizu yake ndi yomweyi. Kulinso kanjira kapansi ka ma Templar (gulu lina la asilikali achikhristu) kolowera kudoko, anakatulukira mu 1994, pena mumayenda chowerama madzi akudutsa pansi pa matabwa, ndiye a vuto la msana muganize kaye.

Pomwe sindinakondwe ndi pa kafotokozedwe. Wotiperekezayo anakamba bwinobwino za 1291, mmene Sultan al-Ashraf Khalil analanda mzindawu ndipo Akhristu ambiri anaphedwa, zoona zimenezo palibe angatsutse. Koma pa 1191 anangoti Mfumu Richard ya ku England inapambana, basi, osatchulako kuti Richard yemweyo anapha akaidi achisilamu opitirira 2,000 kunja kwa mzinda womwewu ati chifukwa Saladin, mtsogoleri wa Asilamu, amachedwa kupereka dipo, mpaka bambo ena mugulu lathu anachita kufunsa ndi pomwe anavomera mwachidule nkutiuza tiyeni tizipita. Ine ndine Mkhristu ndipo zinandiwawa kwambiri, nkhondo zimenezi za ma Crusade, zolimbirana Dziko Loyera, chiyambireni pomwe Papa Urban II anazilalikira mu 1095 mbali zonse zinakhetsa magazi, ndipo mpaka lero ofuna kudanitsa Akhristu ndi Asilamu amakumbabe zomwezi, aliyense kungotola mbali yomukomera. Munthu walipira ndalama zake aziuzidwa zonse.

Mzikiti wa al-Jazzar wa mu 1781 uli pafupi pomwepo, wokongola zedi, koma anangotilozera ndi chala tikudutsa. Mukamabuka muwafunsiretu ngati mukalowemo, ndipo muwapemphe nthawi ya kumsika, hummus (chakudya cha tchana wopera) wa kumeneko ife tinadya chothamanga basi ikuliza hutala.