Magiyabokosi a otomatiki: ndi ati amene angapirire zitunda za Mzuzu?

Wogulitsa galimoto akanena kuti "ndi ya otomatiki", ambiri timangokhutira poona kuti phazi lamanzere lipumula, osadziwa kuti pansi pa dzina limodzili pali makina anayi osiyana kotheratu. Kusiyana kwake sikuoneka galimoto ili chiimire. Kumaonekera pa Chiweta, mukubwera nayo kuchokera ku Songwe, kapena pochokera ku Nkhata Bay, kumene msewu umachoka m'mphepete mwa nyanja n'kukwera mamita oposa 700 usanafike mu Mzuzu.

Mtundu wakale ndi wa torque converter, umene amakaniko amangoutcha AT. Ponyamuka, injini ndi magiya sizigwirana chitsulo kwa chitsulo. Mphamvu imadutsa mu oilo, monga mmene fani yoyatsa imazungulitsira inzake yozimitsa mukaziyang'anitsana. N'chifukwa chake galimoto yotere imanyamuka pachitunda mosanjenjemera ngakhale italemedwa, pakuti palibe kilatchi imene ikukhulika, ndipo chipangizocho chimawonjezeranso mphamvu panthawi yonyamukayo. Sizodabwitsa kuti Hilux, Fortuner ndi Prado za otomatiki zili ndi mtundu umenewu. Mbiri yoti umamwa mafuta inachokera ku magiyabokosi akale a magiya anayi, koma atsopano a magiya 6, 8 kapena 10 amamanga injini ndi magiya mwachindunji galimoto ikangoyamba kuthamanga, moti kusiyana kwachepa. Mazda Demio yotuluka kuyambira 2014 ili ndi ya magiya 6. Giyabokosi ya AT ndi yolemera, ndipo ikafa mkati siitchipa, koma amakaniko athu anaizolowera.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene tikuitanitsa kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam zili ndi mtundu wachiwiri, CVT: Vitz, Sienta, Axio, Fielder, Note ndi Honda Fit yosakhala ya hybrid. Mkati mwake mulibe magiya oti musinthe limodzilimodzi. Muli mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndipo pakati pake pamayenda lamba wopangidwa ndi tizitsulo tambirimbiri. Injini imakhazikika pa liwiro limene siiwononga petulo, ndipo m'masiku oima pamzere kufilingi, ubwino umenewu si wopeputsa. Mukaponda moto kwambiri injini imalira mawu amodzi osasintha ngati kilatchi yatha, koma amenewo ndi machitidwe ake chabe, si matenda.

Matenda ake enieni ali pa lambayo. Amagwira mapule chifukwa chofinyidwa basi, choncho katundu wopyola muyezo, kutentha ndiponso oilo wolakwika zimamuchititsa kuterereka, ndipo akaterereka amakanda mapule. Sienta ili ndi mipando isanu ndi iwiri, koma tonse tikudziwa chimene imanyamula popita ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay, matumba ndi zidebe za usipa zili kumbuyo. Pagalaja ina ku Luwinga ndinaona CVT itatsegulidwa: oilo anali wakuda, akununkha kupserera, maginito a pansi pake atamera tizidutswa ta chitsulo ngati ndevu, ndipo pule imodzi inali ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwamo. Makanikoyo anafunsa funso limodzi: "Abwana, munathira oilo wanji?" Mwini wake anali atathira ATF wamba, oilo wa magiyabokosi a AT, wogula pashopu ya masipeyala chifukwa anali wotsika mtengo. CVT imafuna oilo wakewake, monga NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, ndi TC kapena FE pa Toyota, malinga ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Nthawi ya dzinja pali msampha winanso. Galimoto ikatitimira m'matope a ku Masasa kapena Ching'ambo, ambiri amasinthasintha D (kutsogolo) ndi R (m'mbuyo) mofulumira matayala akuzungulira. AT yakale imapirira pang'ono nkhanza zimenezi, koma CVT siipirira, ndi bwino kuitana anyamata akankhe. CVT ikawonongeka, kawirikawiri yankho limakhala kugula giyabokosi ina yogwirapo kale ntchito, imene mbiri yake simuidziwa.

Toyota Prius ndi Aqua zimalembedwanso kuti CVT pamapepala, koma zisasokonezedwe ndi zimenezi. Zilibe lamba ayi; zili ndi magiya ozungulirana ndi mamota awiri a magetsi, ndipo mbali imeneyi ndi yolimba kwambiri. Pa galimoto zimenezo nkhawa ikhale pa batire.

Mtundu wachitatu ndi wa makilatchi awiri, DCT, umene Volkswagen amautcha DSG ndipo anayamba kuugulitsa mu 2003 mu Golf R32. Kilatchi imodzi imagwira giya 1, 3, 5 ndi 7, inayo imagwira 2, 4 ndi 6, moti pamene mukuyenda ndi giya ina, yotsatira imakhala italowa kale, ikungodikira. Pamsewu wa phula wopanda zotchinga, monga m'malo owongoka a ku Chikangawa, palibe ina yokoma kuiposa: imasintha m'kuphethira kwa diso ndipo siimwa mafuta. Koma ili ndi makilatchi enieni, amene amatha. Pa mitundu yodziwika ya Volkswagen, ya magiya 6 makilatchi ake amasambira mu oilo, pamene ya magiya 7 ya m'galimoto zing'onozing'ono monga Polo makilatchi ake ndi owuma, ndipo imeneyi ndi imene imadana ndi kukwawa pang'onopang'ono. Kuyenda mwakachetechete pakati pa maminibasi ndi akabaza pafupi ndi depoti, kuzemba maenje, kapena kuimika galimoto pachitunda ndi moto m'malo mwa buleki, zonsezi zimatenthetsa makilatchi. Ubongo wake, mechatronic, ukayamba kuvuta umafuna kompyuta ndi munthu woudziwa, ndipo sipeyala yake nthawi zambiri ndi yoitanitsa. Ogula Honda achenjere: Fit Hybrid yotuluka kuyambira 2013 mpaka 2020 ndi Vezel Hybrid yoyambirira zili ndi DCT ya magiya 7, osati CVT, ndipo ku Japan zinaitanidwa kangapo kuti akakonze pulogalamu yoyendetsa giyabokosiyo.

Pa mtundu wachinayi, AMT, sindichedwapo. Ndi giyabokosi ya manyuwale imene kilatchi ndi magiya zimasinthidwa ndi makina, monga AGS ya Suzuki mu Alto ndi Every zina. Ndi yotsika mtengo, siimwa, koma imagwedeza mutu wa okwera posintha giya, ndipo imatha kubwerera m'mbuyo pang'ono ponyamuka pachitunda.

Kwa ine, munthu wonyamula katundu, wokwera Golodi kupita ku Livingstonia kapena woyenda misewu ya fumbi ya kumudzi atenge AT, ngakhale iwonjezere pang'ono pa petulo. Woyenda m'tauni ndi banja lake, n'kumapita ku Lilongwe mwa apo ndi apo, CVT imukwanira, bola asakhale waumbombo pa oilo. DCT yowuma ndingaigule pokhapokha nditadziwiratu makaniko wake ndi dzina.

Musanapereke ndalama, yesani galimotoyo itatentha, osati kungoizungulitsa pabwalo. Ikani R n'kuwerenga ngati ikuchedwa kulowa kapena ikugunda, kenaka mukaime pachitunda chenicheni muli anthu atatu kapena anayi, munyamuke pang'onopang'ono mawindo ali otsegula kuti mumve ngati ikulira mluzu kapena kunjenjemera. Potsika, ikani pa B, L kapena S, mumve ngati injini ikugwira galimoto, chifukwa pa Chiweta mabuleki okha amapsa musanafike pansi.