Tebaini yaing'ono ya mphepo kapena mapanelo a sola, nditenge chiti?

Funso ili ndamva anthu akulifunsa kangapo, ndipo ambiri chimawakopa ndi nambala yomwe yalembedwa pa bokosi. Mwaona katebaini kalembedwa 400W (ma watt 400), mwaona panelo ya sola yalembedwanso 400W, ndiye mumati ndi chimodzimodzi, bola katebaini chifukwa kazizungulira ngakhale usiku. Apa mpomwe anthu amapusitsikira abale.

Ma 400W a pa tebaini aja amayezedwa mphepo ikuthamanga mwina mamita 11 kapena 12 pa sekondi, yomwe ndi mphepo yoti nthambi zikuluzikulu zikugwedezeka, ambulera yakukanikani kugwira. Ndiye dzifunseni, pamalo panu mphepo yotere imabwera kangati pa mwezi? Komanso mphamvu ya mphepo siyenda molunjika ayi, liwiro likatsika ndi theka mphamvu imatsika kasanu ndi katatu. Tebaini yopereka 400W pa mamita 12, pa mamita 6 ikupatsani pafupifupi 50W basi. Ikafika pa mamita 3, pomwe matebaini ambiri amangoyamba kumene kupanga magetsi, zomwe zikulowa mu batire ndi zongoseketsa, mapiko akuzungulira ndithu, anthu odutsa nkumasilira, koma foni kuti idzaze ndi ntchito.

Tiyeni tiwerengere kamodzi. Katebaini ka mapiko otambalala mita 1.2, mphepo ya mamita 5 pa sekondi yodutsa pamenepo ili ndi mphamvu pafupifupi 85W. Sungatenge yonse, katswiri wa sayansi wa ku Germany Albert Betz anawerengera kalekale kuti palibe tebaini yomwe ingakolole kuposa 59.3 peresenti, ndipo tating'onoting'onoti timangofika cha m'ma 30. Ndiye mwatsala ndi 25W. Itawomba choncho tsiku lonse osaleka mwapeza 0.6 kWh (kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya magetsi). Panelo ya 400W pa maola anayi kapena asanu a dzuwa lamphamvu imakupatsani pafupifupi 1.5 kWh mutachotsa zotayika mu mawaya ndi kontrola (kachipangizo kolamulira magetsi olowa mu batire), ndipo yangokhala phee padenga.

Nkhani ya padenga ija ndiyofunika. Panelo mumaikhoma padenga, mwaiyang'anitsa kudzuwa, mwatha. Tebaini padenga ndi kudzipweteka. Nyumba ndi mitengo zimasokoneza mphepo, imafika ikuzungulirazungulira ngati kamvulumvulu, tebaini nkumangotembenuka uku ndi uku kusaka komwe mphepo ikuchokera m'malo mogwira ntchito. Ku UK anayesa matebaini ang'ono okhomedwa pa nyumba mu zomwe amazitcha Warwick Wind Trials, ndipo ambiri anatulutsa magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe opanga analonjeza. Kuwonjezera apo kunjenjemera kwake kumatsika ndi khoma mpaka kuchipinda, usiku mumamva ngati wina akupera. Odziwa amati mapiko akhale mamita ngati 9 pamwamba pa chilichonse chomwe chili pafupi mkati mwa mamita 150. Ndiye pholo yaitali, zingwe zoikoka mbali zonse, simenti ya pansi, waya wonenepa wautali wofika ku batire, kuteteza ku mphezi... nthawi zambiri izi zimadya ndalama zoposa za tebaini yeniyeniyo, koma wogulitsa sazitchula.

Kukonza nakonso. Panelo ilibe chozungulira, ntchito yake ndi kupukuta fumbi, ndipo opanga ambiri amalonjeza kuti izigwirabe bwino mpaka zaka 25. Tebaini ili ndi ma bearing omwe amatha, mabauti omasuka okha ndi kunjenjemera, mapiko ong'aluka, ndipo zonsezo zili kumwamba, ukuyenera kukwera kapena kugwetsa pholo yonse. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, batire ikadzaza kontrola ya sola imangodula basi palibe vuto, koma tebaini ukaidula ku batire mphepo ikuwomba imathamanga mopenga mpaka kudziphwanya. Imafuna kontrola yakeyake yokhala ndi dump load, kachitsulo kotentha komwe kamameza magetsi otsala, ndi buleki ya nthawi ya mkuntho. Musayerekeze kuilumikiza ku kontrola ya sola chifukwa choti ilipo kale.

Nanga aja oyimirira ozungulira ngati mgolo, a mtundu wa Savonius kapena Darrieus, omwe amaoneka okongola pa mavidiyo? Ubwino wawo safuna kutembenukira komwe kukuchokera mphepo, Savonius imayambanso ndi kamphepo kochepa. Koma pa kukolola magetsi amagonja kwa a mapiko atatu wamba aja. Ine ndikaona kamgolo kotalika ngati mkono kalembedwa 1000W ndimangodutsa, masamu ake sakwana.

Sindikunena kuti mphepo ilibe ntchito ayi. Pali malo omwe tebaini imawina osachita kufunsa, m'mphepete mwa nyanja, pamwamba pa phiri lopanda mitengo, pa chigwa chotseguka, pa boti. Mayiko omwe nyengo yozizira dzuwa limangooneka maola ochepa koma mphepo ili tayale, monga kumpoto kwa Scotland komwe Hugh Piggott wa ku Scoraig anatchuka ndi matebaini opanga pamanja a mapiko a matabwa, kumeneko ndi zomveka. Ndipo lamulo lija la kasanu ndi katatu limagwiranso mbali inayo, malo a mphepo ya mamita 7 pa sekondi amapereka magetsi oposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi malo a mamita 5. Mapiko akatalika kawiri magetsi amachuluka kanayi, nchifukwa chake pogula ndi bwino kufunsa kutambalala kwa mapiko m'malo mwa ma watt.

Ine nditakhala ndi ndalama za chinthu chimodzi nditenga mapanelo, yotsalayo ndiwonjezere batire. Tebaini ingabwere pambuyo ngati yothandizira, kuti masiku a mitambo ndi usiku batire isamatsike kwambiri, poti nthawi zambiri nyengo yoipa kwa sola imabwera ndi mphepo. Koma ndisanagule ndiyambe ndaika kachoyezera mphepo, anemometer, pa msinkhu womwe tebaini idzakhale, kwa miyezi ingapo, bola chaka chathunthu. Global Wind Atlas, yomwe ndi mapu a mphepo a pa intaneti, ndi yaulere ndipo imapereka chithunzithunzi, ngakhale siidziwa za mtengo waukulu uli kuseri kwa nyumba yanu. Avereji ikatuluka pansi pa mamita 4 kapena 5 pa sekondi, ndalama ya pholo ija ipite ku panelo yachiwiri.