Legal Aid Bureau: loya wa boma alipodi, osathamangira katapila

Anthufe tikangomva kuti m'bale wamangidwa timayamba kugulitsa mbuzi kapena kukatenga katapila kuti tipeze loya, chonsecho kuli ofesi ya boma yomwe ntchito yake ndi yomweyo. Ine ndinapita ku Legal Aid Bureau ku Lilongwe pa nkhani ya achimwene anga omwe ankawaganizira kuti aba katundu kuntchito kwawo, ndipo kunena zoona anatithandiza kwambiri.

Mukafika amayamba akufunsani za mlanduwo kenako mmene mumapezera ndalama, paja thandizoli ndi la anthu oti sangakwanitse kulipira loya wapulayiveti, ndiye musadabwe akamafunsa za malipiro anu, ndipo ngati muli ndi kenakake akhoza kukuuzani kuti musonkheko pang'ono. Paralegal (munthu wothandiza anthu pa zamalamulo koma osati loya) yemwe tinamupeza anatifotokozera m'Chichewa bwinobwino osati zachizungu zakukhoti zija, kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, komanso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti belo ya kupolisi salipira ngakhale tambala.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi ichi. Achimwene anali atatopa ku rimandi ku Maula ndiye ankafuna kungovomera mlandu kuti zithe msanga, anzawo a muselo ndi omwe anawauza kuti ukavomera majisitireti amakumvera chisoni. Loya anakhala nawo pansi nkuwauza kuti kuvomera chinthu choti simunachite ndiye kuti mwaberatu pamaso pa lamulo, ntchito mudzaisowa, ndipo a boma ndi omwe ayenera kubweretsa umboni osati inuyo. Anawapemphera belo ndipo anatuluka, mlandu ankauyankha akuchokera kunyumba.

Chomvetsa chisoni nchakuti maloyawa ndi ochepa kuyerekeza ndi anthu ofuna thandizo dziko lonseli, ofesiyi inayamba ntchito mu 2015 ndipo omwewonso ndi amene amaimira anthu pa milandu yakupha ku High Court, boma liwaonjezere anthu ndi ndalama basi. Ndiye osadikira tsiku la khoti lifike, pitani msanga mutatenga dzina la polisi komwe m'bale wanu ali, nambala ya mlandu ndi chitupa chanu. Ngati ali kale kundende muuzeni afunse ma paralegal a PASI, bungwe lothandiza akaidi pa zamalamulo, amayenderamo.