Wetsuit ya chidutswa chimodzi kapena ya zidutswa ziwiri: iti ingakusungeni m'madzi nthawi ya mwera?

Mwera ukayamba kuomba cha m'Meyi, ife amene timachoka ku Blantyre kukalowa m'madzi ku Mangochi ndi ku Cape Maclear timayamba kufunsana za wetsuit, chovala cha mphira chogwira thupi chimene chimateteza munthu ku kuzizira m'madzi. Ena amati nyanja yathu ndi yofunda, kabudula ndi malaya n'zokwanira. Pang'ono akunena zoona. Pamwamba pa Nyanja ya Malawi madzi amakhala cha m'madigiri 23 kapena 24 m'nyengo yozizira, ndipo m'nyengo yotentha amafika 28. Koma thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25. Kulowa mphindi khumi n'kutuluka si vuto. Amene amatha theka la tsiku akuyang'ana mbuna m'miyala ya ku Otter Point ndi ku Thumbi, amene amaphunzitsa alendo kubira, kapena amene amayendera maukonde a makola a nsomba, amadziwa kuti madigiri 24 amaluma. Milomo imada, zala zimakanika kumanga mfundo, ndipo mukakwera m'boti mphepo imadzakumalizani.

Kwa munthu wokhala maola ambiri m'madzi, mpikisano weniweni uli pa mitundu iwiri. Woyamba ndi suti ya chidutswa chimodzi, ya zipi, yokhala ndi nsalu mkati ndi kunja, imene makampani ngati O'Neill, Rip Curl, Cressi ndi Mares amapanga. Wachiwiri ndi suti ya zidutswa ziwiri imene amavala osaka nsomba ndi mkondo pansi pa madzi: thalauzi lalitali lofika pachifuwa, ndi jekete yokhala ndi chipewa chake cholumikiza, yopanda zipi, yomangira pakati pa miyendo.

Zonse ziwiri amazipanga ndi neoprene, mphira wochita kupanga amene kampani ya DuPont inatulukira mu 1930. Mkati mwake muli timathovu ta mpweya tambirimbiri, ndipo timathovu timeneti ndi timene timatchinga kuzizira. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimafunditsa ndi madzi olowa m'suti. Ayi. Madzi ochepa amene alowa thupi limawatenthetsa kamodzi n'kuiwalako, koma ngati akulowa ndi kutuluka nthawi iliyonse mukasuntha mkono, ndiye kuti mukutenthetsa nyanja yonse ndi thupi lanu. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Suti yopyapyala yogwira thupi bwino imafunda kuposa yokhuthala yokhwepa.

Tiyambe ndi ya chidutswa chimodzi, popeza ndi imene ambiri timayamba kuiona. Pamkono kapena mkati mwake pamalembedwa manambala ngati 3/2, 4/3 kapena 5/4. Nambala yoyamba ndi mamilimita a kukhuthala kwa mphira pachifuwa ndi kumsana, yachiwiri ndi a m'manja ndi m'miyendo, m'mene amapyapyalitsa dala kuti muzitha kupalasa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti sivuta. Mumavala youma, mumatha kuvala nokha, ndipo nsalu yakunja imapirira kukhuzika pamiyala ndi pamphepete pa boti. Kwa amene amagwira zingwe, maukonde ndi nangula, kupirira kumeneku si nkhani yaing'ono.

Koma musanayang'ane dzina la kampani, itembenuzeni muone misoko. Suti zotchipa zambiri amazisoka msoko wa flatlock, umene singano imaboola mphira mpaka kuseri. Mumauzindikira chifukwa ulusi umaoneka wotambalala mbali zonse ziwiri. Msoko umenewu ndi wolimba ndipo sukanda khungu, koma timabowo take tonse timalowetsa madzi. Wa ola limodzi m'Okotobala sadandaula nawo. Wa maola anayi m'Julayi adzaudziwa bwino. Msoko wina ndi umene amayamba amata ndi guluu, kenako n'kusoka singano osatulukira kuseri. Pa zolemba za suti amafupikitsa kuti GBS. Zina amawonjezera tepi mkati kapena mphira wamadzi pamwamba pa msoko. Kwa ine, 3/2 ya misoko yomata imaposa 4/3 ya flatlock, ndipo ndalama yowonjezerayo ndi bwino ipite kumeneko kusiyana ndi kugula dzina.

Zipi nayo ili ndi mbali ziwiri. Ya kumsana, ya kachingwe kaja kolendewera, imatseguka kwambiri, choncho wa mapewa aakulu kapena wa mimba amalowa mosavuta. Vuto lake n'lakuti zipi sitanuka, ndiye msana umakhala wouma mukamawerama, ndipo mukabira mutu uli pansi madzi ozizira amalowera m'khosi n'kutsika msana wonse. Zabwinoko zimakhala ndi kansalu kamkati kotchinga kuseri kwa zipi. Ya pachifuwa ndi yaifupi, imasiya msana wonse kukhala mphira umodzi wotanuka, ndipo madzi salowa kwambiri. Koma polowa mumadutsira pakhosi, ndipo povula mutatopa mumalimbana nayo ndithu. Zilipo zina zopanda zipi m'pang'ono pomwe, zofewa kwambiri, koma pakhosi pake pamakula msanga.

Tsopano ya zidutswa ziwiri, imene ndimaikonda ndipo sindibisa. Zambiri za mtundu uwu mkati mwake mulibe nsalu. Mphira amaudula n'kuusiya choncho, timathovu tili poyera, ndipo amautcha open cell. Ukakhudza khungu umamatirira, moti madzi sapeza poyenda. Palibe zipi yolowetsa madzi. Pachifuwa ndi pamimba pali mphira wa thalauzi ndi wa jekete wosanjikizana, kotero suti ya mamilimita 3 imakupatsani 6 pamalo pamene pali mtima ndi mapapo. Chipewa chimatseka khosi ndi mutu, malo amene suti ya chidutswa chimodzi imawasiya pamtetete. Ndipo chifukwa mulibe nsalu mkati yoletsa kutanuka, mumapuma mozama ndi kutambasula manja popanda kumva kukokedwa. Wobira ndi mpweya wa m'mapapo mwake yekha amafuna zimenezi kuposa china chilichonse. Kum'mwera kuno kwa Africa dzina limene ambiri amalidziwa pa zida zoterezi ndi Rob Allen wa ku Durban, ndipo suti zapamwamba zambiri zimatchula kuti mphira wake ndi wa Yamamoto wa ku Japan, wopangidwa kuchokera ku miyala ya laimu m'malo mwa mafuta.

Mtengo wa kufunda kumeneku ndi chisamaliro. Suti ya open cell simungaivale youma, imakakamira pamwendo n'kung'ambika. Mumasungunula sopo wofewa kapena mafuta otsukira tsitsi pang'ono m'botolo la madzi, n'kuthira mkati, n'kugwedeza, ndiye mwendo umatsetsereka. M'mawa wa Juni pagombe la Chembe ku Cape Maclear, kuvala chinthu chonyowa mphepo ikuomba kumafuna mtima, ndipo anzeru amatenga madzi ofunda m'fulasiki. Chikhadabo chimodzi chikalowa mkati chimasiya bala looneka ngati kamwezi. Mabala amenewa amamatika ndi guluu wa neoprene, koma muyenera kuzolowera kukoka ndi nsonga zofewa za zala, osati kutsina. Komanso sopo ameneyu amathera m'nyanja, ndipo ku Cape Maclear ndi m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Thirani wochepa, ndipo valirani kumtunda.

Pali chinthu china chimene chimasintha chiweruzo: kuya. Mukatsika pafupifupi mamita 10, mphamvu yokupanikizani imakhala yowirikiza kawiri ya pamwamba, ndipo timathovu ta m'mphira timafinyika. Suti imapyapyala, kufunda kumachepa. Mphira wofewa kwambiri, womwe uja timausirira chifukwa chotanuka, ndi umene umafinyika msanga, ndipo ukamatsika kawirikawiri sumabwereranso mwakale. N'chifukwa chake suti za obira ndi silinda ya mpweya amazipanga ndi mphira wolimbirapo. Ngati ntchito yanu ndi yokhala pansi mamita 15 kapena 20 ndi silinda, kawiri kapena katatu patsiku, osasuntha kwambiri, suti ya chidutswa chimodzi ya mamilimita 5 yopangidwira ntchitoyo idzakutumikirani nthawi yaitali kuposa suti yofewa ya osewera pamafunde. Onjezerani kavesiti ka chipewa mkati, mwatseka khosi. Kumbukiraninso kuti suti ikakhuthala imakuyandamitsani, ndiye mumafunika mtovu wambiri palamba, ngakhale kuti m'madzi athu opanda mchere mtovu umachepa poyerekeza ndi kunyanja ya mchere.

Osambira mtunda wautali pamwamba pa madzi, inu nkhani yanu ndi ina. Suti zonse ziwirizi zidzakutopetsani mapewa. Yanu ndi ya triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga), yosalala kunja, yopyapyala kwambiri m'mapewa, yosapitirira mamilimita 5 malinga ndi malamulo a mipikisano. Koma musapite nayo pamiyala, sichedwa kung'ambika.

Nanga ku Mulanje? Madzi a ku Dziwe la Nkhalamba ndi maiwe ena a ku Likhubula amatsika kuchokera m'phiri ndipo amazizira kuposa a kunyanja kutalitali, makamaka chiperoni chikagwa. Komabe ambiri kumeneko salowa maola, amangodumphira n'kutuluka kukaothera dzuwa pathanthwe. Amene akufuna kukhalitsa, mwina kujambula kapena kuperekeza alendo m'mathithi, asankhe ya chidutswa chimodzi ya 4/3 kapena 5/4 yokhala ndi zotchinga mawondo, pamodzi ndi nsapato za neoprene za pansi pokhakhala. Open cell ndi miyala ya ku Mulanje sizigwirizana. Ndipo abale amene muli ku Cape Town kapena mukupita kumeneko, musatengere za kuno. Mbali ya Atlantic madzi amatsika mpaka madigiri 10 kapena 12 chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanja otchedwa Benguela. Kumeneko 3/2 ndi yosathandiza. Pamafunika mamilimita 5 kapena 7, chipewa, magolovesi ndi nsapato, ndipo ogwira ntchito tsiku lonse ena amavala drysuit, imene silowetsa madzi konse.

Kogula ndi kumene kumatipweteka mutu kuno ku Blantyre. Ambiri timadalira njira ziwiri: kutuma wachibale wochokera ku Joni, kapena kusakasaka pa kaunjika ku Limbe ndi mumsika waukulu, kumene nthawi zina suti imatuluka m'belo wogulitsa osadziwa n'komwe ntchito yake. Ya pa kaunjika mumaigwira ndi manja ndipo mtengo wake ndi wochepa, koma neoprene imakalamba. Ikokeni pamkono. Ikabwerera msanga ili moyo, ikakhala youma ndi timing'alu ngati tayala la njinga lokhalitsa padzuwa, isiyeni ngakhale akutsitsireni. Yang'anani m'khwapa, pakati pa miyendo ndi pamawondo, muunike misoko padzuwa, ndipo tsinani pachifuwa muone ngati mphira sunaphwe n'kukhala ngati nsalu wamba. Zambiri za m'mabelo ndi zazifupi, zolekeza m'zigongono ndi m'ntchafu, zabwino kusewera nazo m'Novembala koma osati kugwirira ntchito nthawi ya mwera.

Yoitanitsa ndi yatsopano, koma simuiyesa, ndipo kubweza n'kosatheka. Musamuuze m'bale wanu kuti "nditengereni ya L." Kampani iliyonse ili ndi tebulo lake la miyeso. Pitani kwa telala akuyezeni msinkhu, chifuwa, chiuno ndi matako, dzipimeni sikelo, ndipo tumizani manambalawo pa WhatsApp. Amayi, tengani yodulidwira thupi lachikazi, chifukwa ya amuna imasiya thumba la madzi kumsana pamwamba pa chiuno. Ku Cape Town kuli makampani amene amasoka wetsuit potengera miyeso ya munthu, ndipo kwa amene thupi lake silikwana m'masayizi a m'sitolo, njira imeneyi ndi yoyenera kuiganizira. Ikafika, ivaleni kunyumba. Iyenera kugwira paliponse, popanda makwinya m'khwapa kapena mpata kumsana, koma muzitha kupuma mokwanira ndi kukweza manja pamwamba pa mutu. Ngati yalowa mosavuta ngati juzi, yakula. Phazi likamakakamira, livekeni jumbo.

Chinthu chimodzi chimene suti iliyonse singakuchitireni: sikutetezani ku likodzo. Madzi amalowa ndithu, ndipo m'malo osaya a bango ndi udzu muli nkhono zofalitsa matendawa. Amene mumalowa m'nyanja kawirikawiri muzikayezetsa kuchipatala. Ndipo mukayamba kunjenjemera kosaleka kapena kulankhula mokoka lilime, tulukani, ngakhale suti ikhale yodula chotani.

Ndiye nditenge iti? Ngati mumabira ndi mpweya wanu, kapena mumayandama maola ambiri mukuyang'ana nsomba m'nyanja yathu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ya zidutswa ziwiri ya open cell ya mamilimita 3 ndi imene ndingakulozereni mosakayika. Imafunda kuposa kukhuthala kwake ndipo siimanga thupi. Ngati mumagwira ntchito ya manja, mumakwera ndi kutsika m'boti, mumabwerekana suti ndi anzanu, kapena mumatsika ndi silinda, tengani ya chidutswa chimodzi ya misoko yomata, 3/2 kapena 4/3 kwa a pamwamba ndi mamilimita 5 kwa a pansi. Iliyonse imene mwatenga, itsukeni ndi madzi ozizira mukatuluka, itembenuzeni, muiyanike pamthunzi itapindika m'chiuno pa chingwe chokhuthala kapena pa mtengo. Osaiyanika padenga la malata, osaisita, ndipo osaisiya m'buti ya galimoto pa ulendo wobwerera ku Blantyre n'kuikumbukira patatha sabata.