Nyenyezi zinayi: za ku Poland anakumba mozama, za ku Chipata anasochera

Ndadikira miyezi iwiri chilandirireni lipoti ndisanalembe ndemangayi, kuti mtima uyambe wakhala pansi. Kampaniyi ndi yaing'ono, ya anthu ofufuza mbiri za mabanja ku Poland, ndipo tinaipeza pa intaneti. Dzina sinditchula, poti pali pena pomwe ndidandaule.

Amene timafufuza ndi agogo awo a bambo a kunyumba, mayi wobereka apongozi anga aakazi. Onse m'banjamo ankawatcha Babcia, ndiye kuti agogo aakazi m'Chipolishi. Ine ndinawaona kawiri kokha asanatisiye. Tsiku loyamba atamva kuti ndine wa ku Malawi, anandigwira dzanja, nati "Fort Jameson", kenaka "muli bwanji". Ndinangoti kukamwa yasa. Kwathu ndi ku Mchinji, komwe atsamunda ankati Fort Manning, ndipo Fort Jameson ndi Chipata yomweyi timapita kukagula zitenje podutsa pa Mwami. Gogo wachizungu wa ku Bradford moni wakwathu anautola kuti? Am'banjamo ankangodziwa mitu yokha: Siberia, Persia (lero ndi Iran), Africa, kenaka England mu 1948. Eni ake sankafuna kuzikamba, ndipo ana awo sanawaumirize. Chimene anasiya ndi chithunzi chimodzi chokhala ndi dzina la mudzi kuseri kwake.

Tinalipira mapaundi 380, theka poyamba, theka atamaliza. Ndalamayi inali ya maola khumi ofufuza, kumasulira zikalata ndi kulemba lipoti. Anatiuza kuti zitenga masabata asanu ndi limodzi. Zinatenga miyezi inayi ndi theka, ndipo mwezi wathunthu pakatipo kunali zii, maimelo anga atatu osayankhidwa. Atatulukira anapepesa, nati ankadikira yankho kuchokera ku Warsaw. Ndikukhulupirira, koma kalata ya mizere iwiri yotiuza zimenezo sikanawathyola dzanja.

Tsono pa ntchito yeniyeniyo, chipewa ndavula. Ife tinatha chaka tikusaka mudzi uja pa mapu a Poland osaupeza. Mayi amene anatenga nkhani yathu anaupeza tsiku limodzi, chifukwa suli ku Poland konse. Uli ku Ukraine, m'dera lomwe Apolishi ankalitcha Wołyń, kufupi ndi mzinda wa Równe, womwe lero ndi Rivne. Malire anasuntha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, ndipo maina a midzi anasintha kalembedwe, ina inafafanizikiratu. Anatifotokozeranso chifukwa chomwe dzina la Babcia silinkatuluka m'makaundula a pa intaneti. Ife timasaka ndi dzina lothera ndi "-ski" monga linalembedwera ku England, pomwe mkazi kwawoko amakhala "-ska". Bambo a kunyumba anadabwa. Ine sindinavutike kumva, si kwathu Phiri wamkazi amakhala Naphiri, Banda n'kukhala Nabanda?

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chikalata cha ubatizo cha bambo awo a Babcia, obadwa mu 1897 m'parishi ina kufupi ndi Radom. Munthu wa ku Poland, Mkatolika, koma chikalata chonse chili m'Chirasha, cholembedwa pamanja ndi zilembo zomwe ine ndimangoona ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Nthawi imeneyo dziko la Poland kunalibe pa mapu. Linagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria kuyambira 1795 mpaka 1918, ndipo mbali ya Russia ansembe anakakamizidwa kulemba m'Chirasha kuyambira 1868. Pachikalatapo pali masiku awiri obadwira, osiyana ndi masiku 12. Tikanakhala tokha tikanati wansembe analakwitsa, koma mayi uja anatiuza kuti limodzi ndi la kalendala yakale yomwe Russia inkatsata, linalo ndi la kalendala yathuyi. Anamasulira mzere uliwonse: ola lomwe mwana anabadwa, ntchito ya bambo ake, zaka za mayi ake, maina a amene anamuimira pa ubatizo, ndi mawu otsiriza akuti chikalatacho chinawerengedwa pamaso pa mboni zomwe sizinkadziwa kulemba. Apongozi anga atafika pamenepo anavula magalasi n'kupita kukhitchini. Kuchokera pa chikalata chimenechi anabwerera m'mbuyo mibadwo ina itatu, ndipo pa chilichonse analemba komwe anachipeza ndi nambala yake, kuti wofuna kutsimikiza akaone yekha.

Analumikizanso bwino chifukwa chomwe banja la ku Radom linapezekera ku Wołyń. Bambo aja anamenya nawo nkhondo ya 1920 yolimbana ndi a Soviet, ndipo boma linkagawira asilikali otere minda kum'mawa kwa dzikolo. Munda womwewo ndi umene unawaika pa mndandanda. Mabanja a asilikali opatsidwa minda ndi a oyang'anira nkhalango ndi amene anayamba kutengedwa ndi a Soviet pa 10 February 1940, usiku, m'nyengo yozizira koopsa, n'kulongedwa m'mabogi a katundu. Maina a banjali anapezeka mu Indeks Represjonowanych, kaundula wa anthu ozunzidwa ndi boma la Soviet, ndipo akusonyeza kuti anawatengera kudera la Arkhangelsk. Kunyumba kuno amati Siberia, koma Arkhangelsk ili kumpoto kwa Russia, mbali ya ku Ulaya. Anthu amene anadutsa m'zimenezi kulikonse kozizira komwe anawataya ankangokutcha Siberia.

Chikalata cha kubadwa cha Babcia mwini wake sichinapezeke. Ena mwa mabuku a m'madera amene Poland inataya anasamutsidwira ku Warsaw, ndipo osakwana zaka 100 sapatsidwa kwa munthu wamba, moti apongozi anga anachita kutumiza umboni woti ndi mwana wawo. Yankho linabwera loti buku la chaka chimenecho la parishi yawo palibe. Ndikuwayamika kuti sanatipake mafuta pakamwa, analemba poyera kuti apa talephera.

Nyenyezi yachisanu inagwera pa tsamba 14. Atalongosola bwino za pangano la Sikorski ndi Mayski la pa 30 July 1941, la pakati pa Poland ndi a Soviet, lomwe linatsegula njira yoti Apolishi amasulidwe, za gulu lankhondo la Apolishi omasulidwawo lotsogozedwa ndi mkulu wa asilikali Anders, ndi za kuwoloka nyanja ya Caspian kuchoka ku Krasnovodsk kukafika ku Pahlevi ku Persia mu 1942, nkhani ya ku Africa anaipatsa ndime imodzi yokha. M'ndimemo analemba kuti Fort Jameson ili ku Zimbabwe, n'kuikapo kamapu kokhala ndi kadontho pafupi ndi Harare. Anaona mawu oti Rhodesia basi n'kutseka buku. Ma Rhodesia analipo awiri. Misasa ya Apolishi othawa nkhondo ku Southern Rhodesia, yomwe ndi Zimbabwe, inali ngati ya ku Rusape ndi Marandellas, pomwe ku Northern Rhodesia, yomwe ndi Zambia, inali ku Lusaka, Livingstone, Bwana Mkubwa kufupi ndi Ndola, Abercorn yomwe lero ndi Mbala, ndi Fort Jameson. Anthu oti anatha kusiyanitsa midzi iwiri ya maina ofanana ku Ukraine analephera kusiyanitsa maiko awiri athunthu. Zinandiwawa, chifukwa Babcia anakhala kumeneko kuyambira ali kamtsikana mpaka atatha msinkhu, ndipo m'zonse anadutsamo ndi kokhako komwe ankakutchula akumwetulira.

Ndinawalembera, ndipo sindinanyengerere. Anavomera kulakwa tsiku lomwelo, anakonza lipoti ndi mapu osalipiritsa, koma ananenetsa kuti za ku Africa si mbali yawo. Bwenzi atanena poyamba, poti pa fomu yawo ndinalemba Fort Jameson ndi zilembo zikuluzikulu. Anangotilozera ku National Archives of Zambia ku Lusaka, ku National Archives ya Britain ku Kew, ndi ku Polish Institute and Sikorski Museum ku London, kuti tikayese tokha.

China ndinachizindikira mochedwa. Zina mwa zomwe tinalipira zili pa intaneti ulere: Geneteka ili ndi mindandanda ya maina a m'mabuku a m'maparishi, ndipo Szukaj w Archiwach ili ndi zithunzi za masamba enieniwo. Wokhala ndi dzina lolondola la parishi angayambe yekha, n'kulipira womasulira yekha. Ife tinalibe parishi, tinalibe ngakhale dziko lolondola, ndiye mapaundi athu sanapite m'madzi. Ngati agogo anu ulendo wawo unathera pa doko la ku Ulaya kapena ku America, anthuwa akuthandizani. Ngati unadzera kwathu kuno, afunseni kaye kuti Mbala ili kuti musanatumize theka loyamba lija.

Lipoti lokonzedwalo tinasindikiza makope atatu. Apongozi anga, omwe sanapondepo mu Africa, andifunsa kale kawiri ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Chipata n'kotheka kupita ndi kubwerera tsiku limodzi. Ndawauza kuti n'kotheka, koma mayi anga ku Mchinji sangalole mlendo kudutsa pakhomo osagona.